Zilembo Zimene Ndinaloweza

Ndinayendetsa minibasi pakati pa Kafue ndi Lusaka zaka khumi ndi chimodzi, ndipo m'zaka zinayi zomalizira maso anga sankaona bwino zapatali. Palibe amene ndinamuuza. Msewuwo ndinkaudziwa ngati m'nyumba mwanga. Ndinkadziwa pamene pali dzenje, pamene ana asukulu amawolokera, ndi pamene apolisi amakonda kuima. Munthu akaima patali kudikira basi ndinkangoona kanthu kakuda m'mbali mwa msewu, ndipo ndinkadziuza kuti ndi fumbi, kapena kutopa chabe.

Kampani ina ya mathiraki, ya kumafakitale kuno ku Kafue, italengeza kuti iphunzitsa madalaivala mwaulere n'kuwalemba ntchito pambuyo pake, mkazi wanga ndiye anandikakamiza kukapereka makalata. Anati watopa kundiona ndikubwera kunyumba mawu atasasa chifukwa chokangana ndi anthu pasiteshoni. Kampaniyo inanditenga. Lolemba loyamba ndinachoka kwathu ku Estates wapansi, nditavala malaya a kutchalitchi.

Tinalipo anthu khumi ndi awiri. Anatipatsa maovolosi, nsapato zolemera za chitsulo kumapeto ndi zipewa zolimba, n'kutilowetsa m'kalasi. Ambiri tinkayembekeza kuti tikwera thiraki tsiku lomwelo, koma aphunzitsi athu, bambo achikulire amene anayendetsa mathiraki mpaka tsitsi kuyera, anati sabata yonse yoyamba palibe wogwira chiwongolero. Anayamba kulemba malamulo a pakampani pabolodi. Ine ndinali nditakhala kumbuyo, ndipo pabolodi ndinkangoona mizere yoyera. Ndinkakopera m'kope la munthu amene ndinakhala naye pafupi, Mtonga wa kutsidya kwa mtsinje wa Kafue, mwana wa asodzi, wamtali ndi wosekaseka.

Pa nthawi ya nshima Mtongayo anabwera kudzakhala nane pansi pa mtengo wa mango.

"Mudala, imwe simuona bwino, ayi?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinakana. Iye anangoseka.

"Mwakopera ngakhale pamene ndinalakwitsa. Manje masana kuli kupima maso. Muzachita bwanji?"

Ndinali ndisanamve kuti kuli kupima. Ntchito ya minibasi ndinali nditatsanzika kale, makiyi ndinabweza kwa eni ake Loweruka. Mnzangayo ataona nkhope yanga anati ndisade nkhawa, iye alowa poyamba. Ndipo anachitadi zimenezo. Atatuluka m'kachipinda ka anamwino anandikokera kuseri kwa matayala, n'kundilembera zilembo za mizere isanu pakapepala. Ndinaziloweza ngati vesi, milomo ikuyenda, mpaka dzina langa litaitanidwa.

Anamwino anali mayi aafupi a imvi, ovala magalasi omangirira kachingwe m'khosi. Aliyense ankawatchula kuti ba sista. Anandimvetsera pachifuwa, anandipima kuthamanga kwa magazi, kenaka anandiimika pa mzere wa penti pansi, n'kundiuza kuti nditseke diso lamanzere. Ndinayamba kutchula zilembo kuchokera pamwamba mpaka mzere wachisanu osapumira.

"Mwawerenga bwino," anatero. "Koma zilembo zili pakhoma, ba tata. Imwe muyang'ana kudenga."

Ndinatsitsa maso.

"Manje yambirani kumapeto, mubwerere kumbuyo."

Ndinatchula ziwiri, chachitatu chinandisokonekera. Iwo anatenga lula n'kuloza chilembo chimodzi pakati pa mzere wachinayi. Ndinatsinzinira, ndinasuzumira kutsogolo, koma chinali ngati kachilombo kophwanyidwa pakhoma. Panja ndinkamva anzanga akuseka.

Sanandikalipire. Anandiuza kuti ndikhale pampando, ndipo anandifunsa ntchito imene ndinkagwira. Nditawauza, anafunsa kuti m'basi mwanga munkakwera anthu angati pa ulendo umodzi, ndi kuti ndinkayenda maulendo angati pa tsiku. Ndinayankha. Iwo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ine nimakwera basi ya ku Lusaka Lachisanu lililonse," anatero. "Kapena munaninyamulako."

Ndikanakonda akanandikalipira. Anatuluka n'kubwera ndi aphunzitsi aja, ndipo anawafotokozera zonse ine ndili pomwepo, osabisa za kuloweza.

Aphunzitsi ananditenga kupita nane panja, mpaka pafupi ndi thiraki yaitali imene inali itanyamula matumba a feteleza. Analoza kumpanda, kumapeto kwa bwalo.

"Pali chiyani paja, pafupi na geti?"

"Ni mgolo," ndinayankha.

"Ni ba mlonda, akhala pa mpando." Anakhudza tayala la thiraki ndi nsonga ya nsapato. "Minibasi ukaponda mabuleki imamvera. Iyi ikanyamula katundu imayamba yaganiza. Mukaponda pano pamene taima, izakaima kupitirira ba mlonda aja. Ndiye muyenera kuwaona mukali kutali."

Ndinaganiza kuti basi zatha. Ndinakhala pa sitepe ya thiraki n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zatsopano zija kuti ndibweze. Ndinkaganiza za mmene ndikalowere m'nyumba, ndi mmene ndikapemphere makiyi amene ndinabweza dzana.

"Muchita chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Nibweza katundu wa kampani."

"Ndani wakuuzani kuti mubweze? Maso amakonzedwa. Ba sista azakupatsani kalata ya ku chipatala cha maso. Mubwere Lachinayi na magalasi. Chimene sinifuna kuonanso ni bodza. Mukadzanama kuti mwaona mabuleki pamene simunaone, pamenepo niyamba ine kukuvulani nsapato."

Kenaka anafunsa amene anandipatsa zilembo. Mnzanga uja, amene ankamvetsera ali kuseri kwa thiraki, anatulukira yekha n'kuvomera. Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anati popeza amakonda kulembera anzake, azilemba zonse zimene aphunzire masiku awiriwo n'kumandibweretsera kunyumba akaweruka. Anachitadi zimenezo, pa njinga, ndipo tsiku lachiwiri anabwera ndi nsomba zouma za kwawo.

Nditafika kunyumba ndinapeza mkazi wanga akuanula zovala. Ndinamufotokozera nditaima, chipewa cha kampani chili m'manja. Anapinda malaya amene anagwira mpaka kumaliza.

"Ninali kudziwa," anatero.

"Unadziwa bwanji?"

"TV mumaonera mutakhala patsogolo pa ana. Mwezi watha munanipitirira ku Boma osanipatsa moni. Akulu anga mpaka lero akuti mumanyada, chifukwa anakubayibitsani kangapo imwe osayankha."

"Nanga osaniuza bwanji?"

"Mukanavomera?"

Tonse tinkadziwa yankho lake. Pambuyo pake anandiuza kuti chimodzi mwa zifukwa zimene anandikakamizira kukapereka makalata n'chakuti anamva kuti kumeneko amapima maso.

Lachiwiri ndinapita ku Lusaka ndi kalata ija, ndipo Lachitatu ndinabwereranso kukatenga magalasi. Pobwerera ndinakwera minibasi ngati wina aliyense, ndipo ndinakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Anthu amati ukavala magalasi koyamba umasangalala. Ine ndinachita mantha. Ndinkaona zikwangwani zikadali kutali, ndinkawerenga manambala a magalimoto. Ndinaona mbuzi itaima m'udzu ikufuna kuwoloka, ndinaona mayi wobereka mwana akuyendetsa njinga m'mphepete mwenimweni mwa tara. Pa malo aja owolokera ana asukulu ndinaona nkhope zawo mmodzimmodzi, wina akudya chimanga, wina atagwira mng'ono wake padzanja. Zonsezi zinalipo masiku onse amene ndinkadutsa pamenepo ndi basi yodzaza anthu. Mapiri a pafupi ndi Kafue ndinali nditazolowera kuwaona ngati utsi wobiriwira, koma tsiku limenelo ndinaona kuti ali ndi mitengo, uliwonse pawokha, ndi miyala pakati pake. Nditatsika pasiteshoni ndinakhala pabenchi kanthawi ndisanayambe kuyenda, chifukwa pansi pankaoneka ngati pandiyandikira.

Lachinayi ba sista anali atasintha pepala la pakhoma. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndi diso lililonse palokha, mpaka mzere wotsatizana ndi womaliza. Anasaina pepala langa n'kundiuza kuti ndizisunga magalasi ena apadera m'thiraki, chifukwa amathyoka tsiku limene ukuwafuna kwambiri. M'kalasi ndinakakhala kumbuyo komwe kuja mwadala. Anzanga anandiseka kuti ndasanduka ahedimasitala, ndipo dzinalo linandikanirira mpaka tinamaliza maphunziro.

Maphunzirowo sanali ophweka. Kubwerera kumbuyo ndi ngolo yaitali kunandivuta milungu itatu, ndipo ndinagwetsa migolo ya pabwalo kangapo, aphunzitsi ataima poteropo manja ali kumbuyo, akungoti, "Yambiraninso." Koma ndinakhoza, ndipo chaka chino n'chachitatu ndikuyendetsa. Ndimatsika mapiri a ku Chirundu ndi katundu wolemera, ndikuona khona lililonse lisanafike. Mnzanga Mtonga uja amayenda njira ya kumpoto, ndipo tikakumana pabwalo la kampani amandifunsabe ngati ndikufuna andilembere zilembo.

Ba sista anapuma pantchito chaka chatha ndili pa ulendo, moti sindinawatsanzike. Miyezi ingapo yapitayo ndinawaona kumsika akusankha tomato. Ndinawazindikira ndikadali kutsidya kwa msewu. Ndinawoloka, ndinavula chipewa n'kuwapatsa moni, ndipo ndinawakumbutsa kuti ndine uja ndinkawerenga ndikuyang'ana kudenga. Anandiyang'anitsitsa, koma sanandikumbuke. Anati oloweza zilembo anawaona ambiri. Ndinawathokoza basi, ndipo ndinapempha kuwanyamulira chikwama mpaka pokwerera basi. Anavomera. M'njira anandifunsa za ana, za mkazi wanga, ndi kuti ndinapimitsa liti maso komaliza. Nditawauza kuti papita zaka ziwiri, anaima n'kunena kuti ndipitenso mwezi usanathe. Ndinapita sabata yotsatira.