Mwamuna wa Bolethe

Ujarak anabadwa mwezi womwe nyanja inameza mlenje wina wa dzina lomwelo, ndipo anampatsa dzina la malemuyo. Kwathu kuno dzina limabwera ndi katundu wake yense. Motero khandalo lisanamere ndi dzino lomwe, linali kale ndi mkazi, Bolethe, wamasiye wa mlenje uja, ndi anyamata atatu olitcha bambo.

Sukulu inamuyanja, mpaka anakhala yekhayo m'mudzi wolankhula Chidanishi chomveka, chinenero cha boma. Boma likabwera linkalankhulira pakamwa pake. Ana a Bolethe anasamukira kutali mmodzimmodzi. Ujarak anatsala akuwaswera mayiwo madzi oundana oti amwe, akuwadulira nyama ya namgumi, akukalipiridwa ngati mwamuna weniweni.

"Bambo, munandisiya kamodzi, musazolowere," ankatero Bolethe akamva zoti akufuna ntchito kumzinda waukulu wa Nuuk.

Ntchitoyo inapezeka ndithu. Anayenera kukwera sitima yomaliza nyanja isanaundane, ndipo sitima yomweyo inabweretsa bwana woona za okalamba, Mdanishi waulemu kwambiri. Lamulo lake linali losavuta: nkhalamba yokhala yokha ipite kunyumba ya okalamba kutawuni, ya pabanja itsale. Ujarak, chikwama chili kale padoko, anaitanidwa kuti akamasulire.

Bwana anafunsa ngati mayiwo ali ndi mwamuna. Bolethe anati ali naye. Anafunsa ngati bambowo akadali ndi mphamvu. Anati mphamvu zilipo, vuto ndi ulesi ndi kuyendayenda mtima. Ujarak anamasulira zonse, ndi ulesi womwe.

"Nanga ali kuti?"

"Ali pantchito," anayankha Bolethe, maso ali pazenera.

Ujarak akanangofotokoza pang'ono, mayiwo akanatengedwa kukafera m'chipinda choyera pakati pa anamwino osamva chinenero chawo, iye n'kupita ku Nuuk. Bwana anadikira. Koma boma lomwelo ndi limene linamuphunzitsa kuti womasulira sawonjezera kanthu, ndipo tsiku limenelo anamvera boma kuposa masiku onse.

Bwana anakondwa, nati maukwati otere akusowa masiku ano, ndipo anatuma moni kwa bambowo. Ujarak anamasuliranso moniwo.

Sitima itachoka anakatenga chikwama chake padoko. Anthu anampatsa njira. Bolethe anamumva akusasa nsapato pakhomo, koma sanatembenuke.

"Mwabwera? Chitofu chazima."