Chitini cha Malume Gerevazio

Malume anga a Gerevazio sankalima mbatatesi ngati anzawo a ku Bembeke. Anali ndi kashedi kuseri kwa nyumba, momwe ankasuliramo mphete, ndolo ndi zibangili. Waya wamkuwa, masipuni othyoka, ndalama zakale za atsamunda, zonse zikalowa m'manja mwawo zinkatuluka zokongola. Akwati a ku Mayani ndi kwa Kaphuka ankapalasa njinga kudzayezetsa zala.

Popanga mphete ya ukwati, ankaimika ndalama pachitsulo n'kumaigogoda m'mbali mpaka itafutukuka, kenako n'kuiboola pakati. Kachidutswa kapakatiko sankakataya. Ankakaponya m'chitini cha mkaka, ati kadzakhala ndolo. Pa chitsulo munthuyu anali woumira zedi, moti tinkawaseka kuti chitinicho adzalowa nacho m'manda.

Bwenzi lawo la ponda apa nane m'pondepo anali a Bonifasi, amene ankaimba nawo kwaya kutchalitchi. A Bonifasi anali ndi kaudindo m'chipani, ndipo ankakanyadira kuposa akazi awo. Mwana wawo Sibongile atapeza banja, a Bonifasi anabwera kukashedi kudzapempha mphete. Ndalama zakale zinali zitatha, choncho a Bonifasiwo anatulutsa yawo yatsopano, ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko.

"Iyi ayi, achimwene," anatero malume. "Ndimenye nkhope imeneyi ndi hamala? Mukufuna ana anga akhale amasiye?"

"Adzaona ndani, a Gere? Mwanayu munamunyamula nokha paubatizo. Akwatiwe ndi waya ngati nkhuku?"

Malume anakana, a Bonifasi anachonderera, mpaka malume anagonja. Mpheteyo inawala kuposa zonse zimene anapangapo. Kachidutswa kapakati, komwe nkhope inatsalira ili yophwanyika, anakaponya m'chitini mwachizolowezi, a Bonifasi akuona.

Ukwati utatha, mayi wina wachipani anapempha mpheteyo kuti ayese pachala chake, ndipo anaona zilembo za ndalama m'kati mwake. Nkhani inafika kwa akuluakulu. A Bonifasi ataitanidwa sanachedwe n'komwe. Anati iwo anangopempha mphete, za ndalama sakuzidziwa, koma akudziwa pamene pali umboni.

Ndinali pomwepo, ndikusenda mbatatesi pakhonde, pamene a Bonifasi anafika ndi anyamata achipani. Sanafufuze paliponse. A Bonifasi analunjika pashelefu, natsitsa chitini, nachikhuthula pansi.

"A Bonifasi," malume anafunsa motsitsa mawu, "ndalamayi inabwera ndi ndani?"

"Musanditchule, bambo. Ine ndi inu tidziwana kutchalitchi basi."

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwira. Chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera, ndinachiona ndi maso angawa tsiku limenelo.

Malume anatengedwa kupita kundende, ndipo zaka zinadutsa. Anabwera ataonda, tsitsi litachita mbuu, zala za dzanja lamanja zitapindika moti sizinkatambasuka kapena kufumbata. Zimene zinachitika kumeneko sanatiuze, ifenso sitinafunse. Kashedi kanali katagwa, ndipo zipangizo zinasowa tsiku lomwe anawatenga.

Lamulungu lina titaweruka ku Misa, a Bonifasi anatulukira ndi thumba pa njinga. Analitsitsa pakhonde n'kulimasula: hamala, tupa, mapulayala, zonse zopakidwa mafuta bwinobwino.

"Ndinakusungirani, achimwene, kuopa akuba. Zakale zinapita. Mdzukulu wanga akufuna tindolo."

Anaima akumwetulira, kudikira zikomo. Ine ndinafuna kuwathira madzi otsukira mbale, koma malume anandiletsa ndi diso. Anawerama kuti atole hamala yawo. Anaigwira, inapulumuka. Anayesanso, inagweranso pansi.

"Rute," anandiitana, "uwapatse mpando alendowa. Undithandizenso kubweza izi m'thumba, abwerere nazo. Mwini wake, Gerevazio wosula mphete uja, sanabwereko kuja anam'perekeza."