Kasipuling'i ka m'Bolopeni ya Bambo

M'kabati ya kuntchito kwanga muli kabotolo komwe kale kanali ka mankhwala a mutu, ndipo m'kabotolomo muli kasipuling'i kadzimbiri, kofupika kuposa chikhadabo. Kanachokera m'bolopeni ya bambo anga. Ndine ndinakaba ndili Sitandade 6. Zinthu zimene ndinabapo ndili mwana zilipo ndithu, sindinali mngelo, koma ichi chokha sindinachipepesepo mpaka lero.

Inali nyengo yodula nzimbe. Tinkakhala m'nyumba za antchito pafupi ndi Dwangwa, ndipo bambo anali kapitawo wa gulu lina la odula. Minda ikatenthedwa, phulusa lakuda linkagwa pa zovala zimene mayi anayanika, mayi n'kumakalipira mphepo ngati kuti iwamva. Mpweya wonse unkanunkhira shuga wopserera. Mathirakitala ankadutsa tsiku lonse, ife ana tikuwathamangira m'fumbi kuti mwina nzimbe imodzi igwa.

Chaka chimenecho amalume, mchimwene wawo wa mayi, anabwera kudzakhala nafe. Anali msilikali, atangobwerera kuchokera kunja kumene anapita kukasungitsa mtendere. Ife tinkayembekezera munthu wa nkhani zambiri ndi masiwiti m'thumba, koma tinalandira munthu wosayankhula. Pakhosi panalibe vuto, khutu limodzi lokha ndi lomwe linkamva movutikira, koma mawu ayi. Ankakhala kuseri kwa khitchini pa kampando, maso ali pa mpanda wa bango. Moto wa m'minda ukayamba kuthetheka ankalowa m'nyumba n'kutseka mawindo onse. Ngakhale Lachisanu, amuna onse atavala mikanjo kulowera kumzikiti, iwo ankatsala pa kampando kawo.

Bambo sanali munthu woipa mtima. Ndiyenera kunena zimenezi chifukwa nthawi imeneyo ndinkawaona ngati mdani. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, anansi anali atayamba kunong'ona, ndipo bambo ankaopa kuti tsiku lina adzapeza zoopsa pobwera kuntchito. Ndinawamva akuuza mayi kuti, "Nzimbe zikatha, alamu tiwaperekeze kuchipatala cha odwala maganizo. Ife pano talephera." Chipatalacho chinali kutali kwambiri. Mayi anayankha kuti, "Achimwene akachoka pakati pa abale awo ndiye kuti tawataya." Sindikudziwa ngati ankanena zoona, koma ndi zomwe ankakhulupirira, ndipo ine ndinakhulupirira nawo. Kuyambira tsiku limenelo munda uliwonse ukapsa ndinkadziwa kuti masiku a amalume pakhomo pathu achepa.

Ine ndinali mtsikana wopanga magalimoto a waya. Anyamata ankanditcha makaniko wa diresi, ndipo mayi ankati manja anga adzathawitsa amuna onse a m'boma la Nkhotakota. Aphunzitsi atatiuza kuti aliyense apange chinthu ndi manja ake chodzaonetsa potseka sukulu, anzanga anathamangira mphasa ndi mitsuko. Ine ndinayang'ana chithunzi chimene chinali pakhoma pathu: amalume ataima kutsogolo kwa chigalimoto choyera cha zitsulo zokhuthala, cha matayala akuluakulu, chimene ife tinkangochitcha kasinja. Ndinati ndipanga ameneyu.

Ndinkagwirira ntchito kuseri kwa khitchini, chifukwa kumeneko mayi sankandiona, komanso amalume sakanandinenera. Thupi la kasinja ndinadula ku chitini cha mafuta ophikira, matayala ndinasema ku mapatapata akutha, ndipo ndinamupaka laimu wotsala pamene tinkakongoletsa nyumba pa Idi. Pachithunzi paja pankaoneka kamzere kakang'ono kotuluka pamwamba pa galimoto. Ndinadziwa kuti ndi eriyo ya wailesi, choncho ndinatola sipoko ya njinga, n'kuboola denga ndi msomali, n'kuiimika chilili. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndidzitamandire.

"Imeneyo ithyoka pa mtengo woyamba."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna amene wayankhula. Mawuwo anali osasa, ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa. Amalume ankayang'ana sipoko yanga ndi nkhope ya munthu amene waona ntchito yake ikunyozedwa.

Ndinathamanga kukaitana mayi. Anabwera manja ali thovu lokhalokha, n'kugwada pafupi nawo, n'kumati, "Achimwene, mwati bwanji? Nenaninso." Amalume anali atabwezera kale maso awo pa mpanda. Bambo atamva anati mwanayu bodza lamukulira. Zinandiwawa kwambiri, moti ndinalumbira kuti sindidzauzanso munthu. Lero ndimaona kuti kunali kupusa, chifukwa umboni wanga ndi umene ukanawathandiza, koma mwana wotchedwa wabodza saganiza patali.

Motero tinakhala ndi chinsinsi chathu. Ndikabwera kusukulu, mayi ali kumsika, amalume ankayankhula, koma za eriyo zokha. Ndikafunsa za mfuti kapena za dziko limene anapita, ankatseka pakamwa mpaka mawa lake. Ndinaphunzira kusafunsa.

Anatenga kamtengo ka machesi n'kukaimika pafupi ndi chitseko cha kasinja. "Uyu ndi msilikali wako," anatero. Kenaka anakayerekeza ndi sipoko ija. "Taona. Eriyo yonenepa ngati ntchafu ya munthu unaionapo kuti?" Ndi tsiku limenelo pomwe ndinadziwa kuti ukachepetsa chinthu uyenera kuchepetsa zonse mofanana, osati zokhazo zimene zakukomera. Ananditumiza kwa okonza njinga za kabaza kukapempha waya wa buleki wotha. Tinaumasula mpaka tinapeza kachingwe kamodzi kopyapyala ngati tsitsi la mchira wa ng'ombe, ndipo kanandibaya chala mpaka magazi. Eriyo zinayenera kukhala ziwiri: yaifupi yoyankhulira ndi magalimoto oyenda nawo limodzi, ndi yaitali, yotalika ngati timitengo tiwiri ta machesi, yoyankhulira ndi akutali. Kunsonga kwa yaitaliyo tinamatako kamkanda kamodzi, chifukwa eriyo yeniyeni imakhala ndi kampira kunsonga kuti isalase munthu m'diso.

Kenaka anaweramitsira yaitaliyo kumbuyo n'kuimanga ndi ulusi wa mayi. Ine ndinakana, ndinati ikuoneka ngati yathyoka. "Galimoto ikamayenda m'mitengo umamanga," anatero. "Ikaima umamasula, kuti akutali akumve. Osaiwala kumanga." Mawu otsirizawo anawabwereza kawiri.

Panatsala chinthu chimodzi. Patsinde pa eriyo pamafunika sipuling'i, kuti nthambi ikaigunda igonje m'malo mothyoka. Tinayesa kupota waya pa singano, koma unkangophwasuka. Amalume anati sipuling'i ya m'bolopeni ingakwane bwino. Sananditume kukaba, ayi. Koma pakhomo pathu bolopeni yodina inali imodzi yokha, ya siliva, imene bambo ankaikoleka m'thumba la malaya pa masiku akuluakulu okha. Ndinaitsegula bambo ali kumunda, ndinatulutsa kasipuling'i, n'kuibwezera m'malaya ngati palibe chachitika. Amalume anakadula pakati, n'kukakhazika pa denga la kasinja. Ndinakankha eriyo ndi chala, inagonja, n'kubwerera yokha. Ndinaseka mpaka kugwa pansi, ndipo ndinaona pakamwa pawo pakugwedera pang'ono.

Munda wotsiriza unapsa Lachinayi. Loweruka m'mawa bambo anakhala pakhonde ndi pepala, kuti alembe kalata yopempha masiku kuntchito operekezera amalume. Mayi anali atachapa kale malaya a mchimwene wawo, akuwapinda osayang'ana munthu. Bambo anadina bolopeni. Nsonga sinatuluke. Anadinanso, anaigwedeza, anaitsegula, ndipo sanafunikire kufunsa kuti pakhomo pano wokonda tizitsulo ndani. Anandiitana ndi dzina langa lonse, lamba ali kale m'manja.

Ndinali nditatseka kale maso pamene ndinamva mapazi akuchokera kuseri kwa khitchini.

"Alamu, mwanayu musamumenye. Ndine ndinati pakufunika sipuling'i."

Amalume anali ataima pabwalo, kasinja wanga ali m'manja mwawo. Bambo anatsitsa lamba pang'onopang'ono. Amalume anaika kasinja pa tebulo, pamwamba penipeni pa pepala lija, n'kuyamba kufotokoza monga ankachitira ndi ine: chifukwa chake eriyo zili ziwiri, ntchito ya kamkanda, ntchito ya sipuling'i. Anayankhula nthawi yaitali, mawu akutuluka mopunthwapunthwa. Apa ndi pomwe ndimawathokozera bambo mpaka lero. Sanafuule, sanaitane anansi, sananene kuti kodi muli ndi pakamwa masiku onsewa. Anakoka mpando n'kunena kuti, "Khalani pansi, alamu. Nanga ulusiwu ndi wa chiyani?"

Amalume anawafotokozera za kumanga ndi kumasula. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, galimoto yakoyi ikuyenda kapena yaima?"

"Yaima, amalume," ndinatero. Ndinkanena zoona, chifukwa matayala a mapatapata aja sankazungulira ngakhale pang'ono.

Amalume anamasula ulusi uja. Eriyo inadzuka n'kuima, kamkanda kakugwedezeka kunsonga. Mayi anakhala pansi pomwe anaima, malaya ali pamiyendo, n'kuyamba kulira kwinaku akuti Alihamudulila. Kalata ija sinalembedwe. Bambo sanagule bolopeni ina chaka chimenecho, ankangolemba ndi pensulo yanga.

Sindinganame kuti amalume anachira tsiku lomwelo. Chaka chotsatira minda itayambanso kupsa ankatsekabe mawindo, ndipo panali masabata amene ankabwerera ku kampando kawo. Anayamba kuonana ndi adokotala a pafupi, bambo akuwakweza pa njinga. Koma anakhala nafe, ndipo patapita nthawi anatsegula kabenchi kokonzera mawailesi kumsika, komwe ndinaphunzirira ntchito imene imandidyetsa lero. Kusukulu kasinja wanga sanapambane. Aphunzitsi anati ndi wokongola, koma eriyo zake n'zopyapyala kwambiri, ndikanaika waya wooneka. Amene anapambana anali mtsikana wa mphasa.

Zina zonse mayi anandiuza nditakula, amalume atamwalira kale. Kunja kuja ntchito yawo inali ya wailesi ya m'galimoto. Tsiku lina ananyamuka mothamanga, iwo n'kuiwala kumanga eriyo yaitali, ndipo nthambi yaikulu inaithyola m'nkhalango. Masana ake galimoto yawo inawomberedwa, mnzawo anavulala kwambiri, ndipo amalume anaitana thandizo mpaka mawu anawathera, popanda wowamva. Mnzawoyo anafera pamiyendo pawo.

Ine Loweruka lija sindinkadziwa chilichonse cha zimenezi. Ndinaima pakhonde nditakwiya pang'ono, chifukwa akuluakulu atatu ankayang'anitsitsa kawaya kamodzi ka buleki ya njinga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayamikira matayala anga, omwe ndinawasema masiku anayi.