Tsiku limene Zuze ananyamula makina a amayi

Ndikukumbukira kutentha kwa ku Luangwa Boma, kumene akuluakulu ankatchabe kuti Feira, m'zaka zimene nkhondo ya ku Rodeshiya inkawoloka Zambezi n'kutipeza kwathu. Ndinali kamtsikana kongoyamba sukulu. Atate anali msodzi, koma bwato lawo linangokhala chozondoka pansi pa mtengo wa masau, chifukwa wopalasa pamtsinje ankatha kuwomberedwa kuchokera kutsidya. Chimene chinkatidyetsa anali makina osokera a amayi, aja opukusa ndi dzanja. Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a makina, njala imandigwira.

Kumapeto kwa komboni yathu amuna anakumba dzenje lalitali lobisalamo, n'kuphimba mbali ina ndi mitengo ndi dothi. Ndeke ikamveka, wina ankamenya chitsulo chopachikidwa pamtengo, ndipo tonse tinkathamangira kudzenjeko, zitseko zili chitsegukire. Mkatimo munkanunkha thukuta ndi dothi lotentha, nyerere zikutiluma m'miyendo.

Posakhalitsa kunabuka vuto lina. Tikatuluka m'dzenje, wina ankapeza nsomba zake zouma zachoka pathandala, wina bulangeti, wina wailesi. Apolisi anali ndi zambiri masiku amenewo, ndipo palibe amene ankafuna kuwavutitsa ndi nkhani ya poto. Anthu anangoyamba kukayikirana. Dzina limene linkatchulidwa kwambiri linali la Zuze, mnyamata wamtali, mwana wa mayi wina wamasiye wophika kachasu. Anali atagwidwapo ndi nkhuku ya eni m'malaya, ndipo m'dzenje sankaonekamo kawirikawiri.

Amayi anapeza njira yawo. Chitsulo chikalira, mlongo wanga Pitala, amene anali wakhanda, ankamupatsira atate, iwo n'kubereka makina kumbuyo ndi chitenje. Azimayi anzawo ankawaseka m'dzenjemo. "Amake Malita, mwana wachitsuloyo wayamwa?" Amayi ankayankha akupuma wefuwefu kuti, "Uyu ndiye amatiyamwitsa ife."

Tsiku lina masana ndinatsala ndekha pakhomo. Atate anali atapita ku Mburuma kukafuna chimanga, ndipo amayi anatenga Pitala kupita naye kuchipatala chifukwa thupi linatentha. Ndinali kusewera ndi anzanga pakhonde pamene chitsulo chinalira. Anzanga anathawa, koma ine ndinalowa m'nyumba. Ndinayala chitenje monga ankachitira amayi, n'kuyesa kunyamula makinawo. Sanasunthe n'komwe. Ndinawakoka mpaka pakhomo, manja akuterera ndi mafuta, phokoso la ndeke likugwedeza mbale pashelefu. Pamenepo ndinayamba kulira, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona Zuze ataima pakhomo.

"Malita, ukuchita chiyani muno? Thawira kudzenje."

"Sindichoka," ndinatero. "Mukufuna kuba makina a amayi."

Sanakwiye. Anangoti, "Ndiye tiye nawo." Anawaponya paphewa ngati mtolo wa nkhuni, n'kundigwira padzanja.

Tinathamanga, minga ikundibaya m'mapazi. Tisanafike kudzenje kunaphulika chinthu cha kumtsinje, nthaka n'kunjenjemera. Zuze anandigwetsa pansi n'kundigonera pamwamba. Mkamwa mwanga munadzaza mchenga. Malaya ake ankanunkha utsi ndi masau, ndipo mtima wake unkagunda pamsana panga mofulumira kuposa wanga. Aka kanali koyamba kudziwa kuti nawonso akuluakulu amachita mantha.

Ndeke itapita, anthu anatuluka m'dzenje n'kutipeza tikudzuka, makina ali pambali pa Zuze. A Tembo, aneba athu amene anaberedwa wailesi, anamugwira pakhosi. "Lero tamugwira kawalala ndi katundu m'manja," anatero, n'kumuwomba mbama. Ena anayamba kutola ndodo. Zuze anangophimba mutu ndi manja. Ine ndinangokumbatira mwendo wake, osausiya ngakhale azimayi ankandikoka.

Amayi anafika akuthamanga, Pitala ali kumbuyo, nsapato atazitaya m'njira. Makina aja sanawayang'ane. Anagwada n'kuyamba kundipapasa mutu, manja, mimba, ngati akundiona koyamba. Ndili m'manja mwawo ndinawauza zonse, ngakhale zija ndinamunena Zuze pakhomo. Amayi anaimirira n'kuyang'ana a Tembo.

"A Tembo, musiyeni mwana wa mnzanga. Za wailesi yanu sindikuzidziwa, koma za lero ndazimva kwa mwana wanga."

A Tembo anamusiya akung'ung'udza, ndodo zija n'kugwa imodziimodzi.

Madzulo ake Zuze anakhala pakhonde pathu chifuwa chili pamtunda, amayi akusoka malaya ake amene anang'ambika paphewa. Anamupatsa mbatata ndi tiyi wopanda shuga. Ali mkati mopukusa makina anamufunsa, osamuyang'ana, kuti, "Nanga pakhomo panga unkafunapo chiyani?" Zuze anawerama. "Ndinamva mwana akulira, amayi." Sanamufunsenso. Mpaka pano sindidziwa ngati anabwera chifukwa cha kulira kwanga, kapena kulirako kunangomupeza ali kale panjira ya kwathu.

Pomupatsa malaya amayi anamuuza kuti msana wawo watopa, ndipo kuyambira tsiku limenelo chitsulo chikalira azibwera kudzanyamula makina ndi iyeyo. Ankabweradi. Ankakhala m'dzenje pakati pa tonse, makina ali pamiyendo, ana tikumukwera pamapewa. Kuba sikunatheretu, koma kunachepa kwambiri, ndipo palibe amene ananena mokweza chifukwa chake. Nkhondo itatha Zuze anayamba usodzi, anakwatira kutsidya kwa Luangwa, ndipo tinasiya kumuona.

Tsopano ndimakhala ku Lusaka, m'nyumba ya mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba, mawindo onse ali ndi zitsulo. Ndeke zikadutsa zidzukulu zanga zimazibayibitsa. Chaka chatha akuba analowabe, tili kutchalitchi, n'kutenga zimene anatenga. Palibe anawaona, ndipo aneba anamva nkhaniyi mawa lake kwa ine ndemwe, titaima pageti. Sindilakalaka nkhondo, ngakhale pang'ono. Koma ndikamakhoma maloko anga ndimaganiza za komboni ija yopanda mipanda, kumene wakuba wathu tinkamudziwa dzina, amake tinkamwa nawo madzi a pachitsime chimodzi, ndipo zinthu zikavuta m'dzenje munali malo akenso.