Nkhuku ziwiri za ku Lirangwe

Chaka chimene anandiveka yunifolomu ya amayi a mpingo ndinkayenda ngati Chileka yonse ndi ya bambo anga. Bulauzi yoyera, duku loyera, Baibulo m'khwapa. Amuna anga ankanyamula katundu wa apaulendo kubwalo la ndege, ine ndinali ndi ntchito ziwiri: kukavina kubwaloko mtsogoleri wa dziko akamatsika ndege, ndi kuphunzitsa amayi anzanga chikondi Lachinayi lililonse. Pa ziwirizi, imene ndinkaitha bwino ndi yovinayo.

Aneba anga anali mayi wachisilamu, wamasiye, wogulitsa mchere ndi usipa pamsika. Ndiwo anandigwira msana pobereka mwana wanga woyamba, ndipo sefa, mtondo ngakhale moto tinkangobwerekana. Atadwala chifuwa, achimwene awo anadzawatenga kupita nawo ku Lirangwe. Posakhalitsa tinamva kuti asiya kudya, phala akulavula, ndipo akapitiriza choncho mvula sadzaiona.

Lachinayi limenelo ndinalalikira za kukonda mnzako mpaka thukuta kamukamu, kenaka ndinalengeza kuti mawa ndikupita ndekha ku Lirangwe ndi nkhuku. Amayi anaomba m'manja. Ndisaname, ndinamva kukoma.

M'mawa, amuna anga atapita kuntchito, ndinagwira tambala wanga, kumuponda mapiko, mpeni pakhosi. Ndinamukazinga bwinobwino, tomato ndi anyezi osaumira, n'kumuika m'bakuli. Pa matola aliyense anadziwa kumene ndikupita ndi chimene ndanyamula. Ngakhale anyamata a chipani amene ankaona makhadi pa Lirangwe ndinawafotokozera, iwo atangofunsa khadi basi.

Odwalawo ndinawapeza pamphasa pakhonde, atatha, mikono ngati misinde. Nditavundukula bakuli, fungo linawapeza. Anatsegula maso, kumeza malovu, n'kupempha kuti awadzutse. Alamu awo anandinong'oneza kuti chibwerereni sanapemphepo chinthu chotere. Mtima wanga unayamba kale kukonza zokanena Lachinayi. Supuni itafika pafupi ndi pakamwa, anaigwira n'kundiyang'ana.

"Achemwali, wazinga ndani nkhukuyi?"

"Ine," ndinatero.

Kalanga ine! Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti paukwati kapena pamaliro mbuzi amazinga ndi bambo wachisilamu, kuti aliyense adye. Paukwati wanga weniweniwo zinatero. Zaka zonsezo ndinkaona aneba angawo akunyamula nkhuku yamoyo kupita nayo kwa shehe. Koma m'mawa umenewo mutu wanga unali pa kusita bulauzi.

Anathokoza mwaulemu, n'kugonanso, nkhope kukhoma. Ine m'malo mochita manyazi ndinapsa mtima, paja ndine wa mtima wapachala. Ndinawauza kuti Mulungu amaona mtima osati mpeni, kuti ndavutika pa matola, kuti tambalayo anali mmodzi yekha. Achimwene awo nawonso anawanyengerera kuti wodwala chotere amaloledwa. Iwo anangoti m'mimba mwawo simungalandire, ndipo anatseka pakamwa. Njala imene inali itadzuka ija inagonanso ine ndikuona.

Ndinabwerera ndi bakuli lodzaza. Madzulo amuna anga anadya ntchafu zonse ziwiri, akunyambita zala, n'kumati chikondi changa n'chokoma ndithu, ndizichita kawirikawiri.

Pakhomo panatsala thadzi limodzi, limene ndinkayembekeza kuti lindiswera anapiye. Kutacha ndinalimanga miyendo ndi luzi n'kukwera nalo matola. Yunifolomu ndinavalabe, kuuma mutu. Tisanapite patali thadzi lija linandinyerera pabulauzi, kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, ndipo bambo wina amene anandimva dzulo lake anafunsa ngati lero kulibe ulaliki.

Ku Lirangwe achimwene awo analandira thadzilo, kupita nalo kuseri, kupemphera monga amachitira, n'kulizinga. Ndinaphika mumphika wawo, pamafuwa awo, nditavala chitenje chobwereka, bulauzi ikuuma pachingwe. Nthawi ino odwalawo sanafunse kanthu. Anamwa msuzi pang'onopang'ono, kupuma, kumwanso, kenaka anati mchere wachepa, ngati sindinakhalepo pafupi ndi wogulitsa mchere. Ndinaseka, misozi ikutuluka.

Kuyambira pamenepo ku Lirangwe kunakhala kwathu kwachiwiri. Nkhuku zinatha, koma panali zofunda zochapa, madzi otunga, phala lofuna munthu woleza mtima, ndi msana wofuna kusisita. Ntchito zimenezi sizifuna yunifolomu, ndipo palibe amaomba m'manja. Masiku ena ndinkapita ndikung'ung'udza njira yonse, masiku ena tinkakangana chifukwa cha mankhwala. Amayi a Lachinayi atafuna lipoti, ndinangoti odwala akudya, n'kukhala pansi. Anadabwa, poti sanandionepo nditamaliza msanga chotero.

Aneba anga aja mvula anaiona. Anadya maungu ndi chimanga chachiwisi cha chaka chimenecho, n'kutisiya tikukolola.

Mpaka lero mpeni wanga sugunda khosi la nkhuku. Ndi mawondo owawawa ndimainyamula kupita nayo kwa bambo wina wachisilamu kuseri kwa msika, ngakhale tsiku loti tidya tokha pakhomo. Ana amandiseka, amafunsa kuti kodi akubwera ndani. Ndimawauza kuti sindikudziwa, koma akabwera adye.