Ndinabisa Ming'alu ya Sukulu Yathu ndi Laimu

Inu owerenga, ine ndinalakwa ndikudziwa, ndipo kulakwa kwangako kukanapha ana a kalasi yonse. Ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala kufupi ndi Muloza. Wina akhoza kunena kuti sankadziwa kuti khoma latha. Ine sindingatero, chifukwa makoma ndiyo ntchito yanga.

Mdadada wakale wa pasukulu yathu ya pulayimale anamanga ndi malemu bambo anga atangobwera kuchokera ku Mozambiki. Anamangira matope, simenti kunalibe. Mudzi wonse unkadziwa kuti ndi ntchito ya manja awo, ndipo ndikamadutsa pamenepo ndinkamva ngati akadali moyo. Sukulu yaulere itayamba, ana anadzaza m'zipinda zija mpaka pakhomo, ndipo patapita zaka makolo anandisankha kukhala wapampando wa komiti ya sukulu.

Tsiku lina aphunzitsi a sitandade 2, Mayi Namakhwa, anandiitana m'kalasi mwawo. Anandionetsa mng'alu wochokera padenga mpaka pansi, woti dzanja linkalowa, ndi mitengo ya denga yomwe chiswe chinali chitadya. Anandiuza kuti alendo a kuboma akubwera kudzaona sukulu zofunika midadada yatsopano, ndiye tiwaonetse zonse mmene zilili. Ndinavomera pakamwa, koma mumtima ndinapsa. Ndinkadziwa kuti alendowo akaona adzati tigwetse, ndipo sindinkafuna kuti anthu azinena kuti khoma la bambo anga lalephera.

Loweruka ndinapita ndekha ndi mpeni wanga womangira. Ndinamata ming'alu yonse, ndinapaka laimu mkati ndi kunja, mitengo yodyedwa ija ndinaiphimba ndi matabwa. Lolemba sukulu inali mbee, yowala ngati yatsopano. Alendo anabwera, anayamikira komiti yosamala, napita. Mdadada watsopano unapita kusukulu ina. Tsiku la alendolo, Mayi Namakhwa atayesa kulankhula ndinawadula pamaso pawo, ndikuti iwo ndi obwera, sadziwa mamangidwe akuno.

Dzinja litafika, mvula inagwa masiku angapo osakata, monga imachitira kuno kunsi kwa phiri. M'mawa wina ana akulemba, Mayi Namakhwa anaona dothi likuyoyokera pakope la mwana. Sanakuwe, poopa kuti ana angapondane pakhomo. Anangoyambitsa nyimbo, nauza ana kuti atuluke pamzere akuimba mpaka pamtengo wa mango. Ana anatuluka onse, akuseka kuti akukaimba pamvula. Aphunzitsiwo anali omaliza, ndipo khoma linagwa, linawapeza pakhomo n'kuwathyola mwendo. Pamzere umenewo panalinso mwana wanga wamkazi womaliza.

Nditapita kukawaona aphunzitsiwo kuchipatala ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Sanandikalipire. Anandifunsa ngati ana onse ali bwino, kenako anati, "Bambo, mwendo upola. Koma zipinda zinazo munazipakanso laimu, ndipo muli ana."

Mawu amenewo anandisowetsa mtendere. Pamsonkhano wa makolo anthu anayamba kuloza chala aphunzitsi aakulu, ena akuti achoke. Ndinaimirira, ndipo ndinanena zonse: kuti ndinamata ndine, ndinkadziwa, ndipo ndinachita chifukwa cha dzina la bambo anga. Mayi wina wothyola tiyi, yemwe ana ake awiri anali m'kalasi ija, anati kundichotsa pampando n'kundipeputsira mlandu. Anati amene anabisa ndi yemweyo akaulule kuboma, ndipo asapume mpaka sukulu itamangidwa.

Ndinapita. Ulendo woyamba anandiuza kuti mwayi wathu unadutsa, ndipo tinaukana tokha. Sindinatsutse, zinali zoona. Ndinabwereranso, ulendo uno ndi makolo ena, titanyamula chidutswa cha mtengo wa denga. Ndinachiika patebulo la bwana wa zamaphunziro n'kuchifinya ndi zala, chinangosanduka ufa. Bwanayo anati adzabwera yekha. Atabwera ndinatenga nyundo n'kugumula pulasitala wanga yemwe, kuti aone zomwe ndinabisa. Tsiku lomwelo anatseka zipinda zotsalazo, nalonjeza kuti tikasonkhanitsa njerwa ndi mchenga, simenti ndi malata zidzapezeka.

Abale anga, sindinaonepo mudzi ukugwira ntchito ngati mmene tinagwirira chilimwe chimenecho. Ana ankaphunzirira m'tchalitchi ndi pansi pa mitengo, ife tili pazikombole kuumba njerwa. Amayi akaweruka ku esiteti ya tiyi ankabwera ndi zidebe za madzi asanafike n'kunyumba komwe. Akabaza a paboda ankasiya makasitomala n'kumatuta mchenga m'matumba. Ngakhale abale athu a kutsidya ku Mozambiki, omwe ana awo amawoloka kudzaphunzira kuno, anabwera ndi makasu awo. Makoma a bambo anga ndinagwetsa ndi manja angawa. Ndinalira, sindibisa, koma njerwa zawo zomwe zinali zolimba tinaziswa n'kuzithira pansi pa simenti ya makalasi atsopano.

Lero pali midadada iwiri ya maziko akuya, mazenera aakulu ndi denga losadontha. Tsiku lotsegulira, makolo anakana kuti mlendo aliyense alowe poyamba. Anatsegula chitseko ndi Mayi Namakhwa, akuyenda ndi ndodo, ana ali pambuyo pawo, amayi akululutira mpaka mawu kusasa. Mvula itayamba chaka chimenecho palibe mwana anabwezedwa kunyumba.

Inu owerenga, makamaka a m'makomiti ndi aphunzitsi aakulu, nyumba imakalamba ngati munthu, ngakhale anaimanga ndi munthu amene mumamukonda. Pitani mukaone makalasi omwe ana anu amakhalamo. Gogodani makoma, yang'anani kudenga. Mukapeza kuti zatha, musamate ndipo musachite manyazi pamaso pa alendo. Nenani, bwererani kumaofesi mpaka akumveni, ndipo yambani kuumba njerwa. Ife tinapambana, koma Mayi Namakhwa amatsimphinabe mpaka lero, ndipo ndikawaona akubwera kusukulu ndimadziwa kuti anawapundula ndine.