Mfundo ya Kumapazi

A Jairos Miti a ku Chipangali amadziwika ndi zinthu ziwiri: mtedza wawo, ndi manja awo pamaliro. Kwa zaka makumi atatu akhala mkulu wa adzukulu, anthu okonza mtembo ndi kukumba manda. Munthu wake ngosayankhulayankhula, koma chidwi ndiye chosanena. Akaona chinthu chomangidwa, ngakhale belo la thonje, amayamba ayang'ana mfundo yake.

Kumudzi kwawoko mtembo amaukulunga m'nsalu n'kumanga mfundo zitatu, kumutu, m'chiuno ndi kumapazi. Bokosi lisanakhomedwe kumanda, mdzukulu amamasula zonse kuti wakufayo apite womasuka. Tsiku loika mnzawo Shepherd Lungu kunagwa chimvula, madzi n'kuyamba kulowa m'dzenje, anthu akukuwa kuti fulumirani. A Jairos anamasula kumutu, anamasula m'chiuno. Ya kumapazi anaikumbukira ali kunyumba.

Sanauze munthu, ngakhale ansembe polapa. Nkhaniyi inawadya mumtima zaka ziwiri, mpaka anaganiza zoopsa: kuti chilimwe chikafika akafukule mandawo okha, amumasule mnzawoyo.

Ndiye tsiku lina pamsika anamva ogulitsa nyemba akusimba za filimu imene inkaonetsedwa kwa mayi Hellen, kuseri kwa chigayo. Akuti azungu ena anapita ku Igupto, n'kudzutsa mtembo wokulungidwa m'nsalu, ndipo unadzuka ndi ukali. A Jairos anatchera khutu. Chinaukwiyitsa n'chiyani? Mwina nawo anaiwala kuumasula?

Loweruka masana anavala jekete la kutchalitchi, nakakhala pabenchi yakutsogolo, anthu akukodolana kuti taonani adzukulu abwera ku vidiyo. Mfuti zinalira, ngamira zinathamanga, iwo osalabadira. Koma bokosi lamwala litatsegulidwa anadzambatuka.

"Amayi, bwezani kumbuyo pang'ono, nione mamangidwe."

"Aa, atate, iyi ni filimu, si maliro," anatero a Hellen akuseka, koma anabweza.

Anayang'anitsitsa, nkhope pafupi ndi galasi. Wa m'bokosiyu sanangomangidwa kumapazi kokha ayi: chala chilichonse chinali ndi kansalu kake, manja opingasa pachifuwa, thupi lonse ndi ndi ndi. Ntchito yabwino, anavomereza, ya munthu wodziwa.

"Wagona zaka zingati chomangidwa chotere?"

"Akuti zikwi zitatu."

"Osavuta munthu?"

"Osavuta. Wayamba lero, chifukwa cha awa amufukulawa."

A Jairos anakhala pansi pang'onopang'ono. Mbali yotsala ya filimuyo anaionera akuikira kumbuyo mtembo, ndipo mzungu woyamba atagwidwa pakhosi anamveka akuti, "Eya, unafunanji kumanda kwa eni?" Maganizo ofukula manda a Shepherd anathera pomwepo. Koma mfundo ija inali ikadali yomanga, ndipo anaona kuti mwini nkhani ayenera kuidziwa.

M'mawa mwake atatuluka ku Misa anapita kwa a Maliya, mkazi wa malemu Shepherd. Anawapeza akusenda mtedza pakhonde. Anavula chipewa, nanjuta, nafotokoza zonse maso ali pansi, manyazi atawagwira ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

A Maliya anasiya kusenda.

"Mwati ya kumapazi, alamu?"

"Ya kumapazi."

"Isiyeni choncho. Zaka makumi awiri bambo uja anali wa m'njira, lero ku Lundazi, mawa ku Katete, ine kumangomva kwa anthu kuti ali ndi khomo lina." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Zaka ziwiri izi ndiye ndakhala ndikudziwa kumene ali. Mwandisungira mwamuna, alamu."